Majombo a Ottavia ku Venezia

"Vala majombowa, madzi a ku Venezia saodira," anatero amayi ake a Ottavia m'mawa wa ulendo wa sukulu. Iye anavala monyinyirika.

Kumzinda womangidwa pamadziwo dzuwa linaswa mtengo, ndipo Fulvio, mnzake wa m'kalasi amene anatchena nsapato zoyera zatsopano, sanamupatse mpata. "Iwe mlimi, ng'ombe wasiyira ndani?"

Chakumasana madzi a m'nyanja anayamba kutumphuka pabwalo lalikulu mpaka kufika m'akakolo. Fulvio anathawira pabenchi, maso ali pansapato zake.

"Ottavia, mchemwali wanga, ndibereke chonde."

Anamuberekadi, n'kuyenda naye mpaka pakati penipeni pa bwalolo, pamene panali pozama. Apo anaima n'kumasula dzanja limodzi.

"Tabwereza za ng'ombe zija, sindinamvetse bwino."