Kumene Dzanja Linapita

"Bwezaninso pamenepo," anatero bambo aang'ono, chala chili pagalasi la kompyuta.

Wofufuza ngozi za ndege anabweza kanema uja. Kambalame, monga ankamutchulira malemu bambo ake, anaonanso msana wawo, malaya oyera amene iye anasita yekha, ndi mawotchi a m'chipinda choyendetsera ndege akunjenjemera. Kenako dzanja la bambo linasiya zowongolera n'kutambasukira kumbali kumene kamera sinkafika. Chithunzi chinada bii.

Kumbaliko kunkakhala wothandizira wawo, mtsikana wongoyamba kumene ntchito, yemwenso anafera pomwepo.

"Mwaona, alamu? Ndege ikugwa, achimwene dzanja kwa mtsikana! Mumati pamaliro paja anthu amanong'ona chiyani?"

Mayi ankangokweza mphete yawo mpaka pamfundo ya chala, n'kuisiya pomwepo.

"Bambo, kamerayi anaiika kuti iziyang'ana mawotchi, osati anthu," anatero wofufuza uja. "Sikuonetsa nkhope, mapazi, ngakhale zimene ankaona pawindo. Mwina dzanjalo linkapita pa batani, mwina ayi. Sindingalembe chimene sindinaone."

"Kapena mwadula penapake?"

"Sitinadule. Magetsi anathera pamenepo."

"Eetu, magetsi amadziwa pozimira."

Kambalame ankalakalaka atalowetsa mutu m'galasimo n'kusuzumira kuseri, monga amachitira munthu pakhomo lotsekedwa theka. Wofufuzayo sankamukhulupirira, bambo aang'ono sankawakhulupirira, ndipo chimene chinamuopsa kwambiri n'chakuti kwa kamphindi anawakayikiranso bambo ake.

Ali pamasitepe, mayi anati, "Tikafika ulongedze zovala za bambo ako, ndi chithunzi chapabalaza chija. Abale awo atenge."

"Amayi, chifukwa cha dzanja lokha?"

"Ndanena."

Kambalame anayendetsa galimoto ya bambo ake mano ali gwa, mayi ali pambali, bambo aang'ono kumbuyo akuwerengabe maulendo amene malemu ankagona kunja. Pamphambano wanjinga anangotulukira kuseri kwa basi. Kambalame anaponda mabuleki, matayala n'kulira, ndipo asanaganize n'komwe mkono wake unali utapingasa pachifuwa pa mayi ake.

Wanjinga uja anapita akutukwana.

Mayi anauyang'ana mkonowo nthawi yaitali.

"Anakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Palibe, amayi. Zangochitika."

"Bambo ako," anatero mayi motsitsa. "Lamba utamanga kale, koma iwo mkono pachifuwa. Tsiku lina anatchinga thumba la malalanje, ine ndili kumbuyo kufa ndi phwete."

Bambo aang'ono anatsokomola, n'kuyang'ana kunja.

Magalimoto a kumbuyo anayamba kuliza mahutala. Kambalame anafuna kubweza mkono kuti agwire chiwongolero, koma mayi anaugwira ndi manja onse awiri, mphete itabwerera pamalo pake.

"Alize," anatero. "Usauchotse kaye."