Adyo wa Mayi Graciete

Mu lesitilanti ya bambo Hélder, amene analinso wophika wamkulu, kumunsi kwa tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Évora, mbale siinkatera patebulo yopanda mawu ake. Woperekera chakudya ankaima chilili, manja kumbuyo, n'kulongosola kumene chakudyacho chinachokera, kenako n'kuchoka mwakachetechete. Duarte, mmodzi wa operekera chakudyawo, ankawadziwa pamtima mawu onsewo. A msuzi wa buledi okha ndi amene ankamutsamwa.

Msuziwo unali wa mayi ake, a Graciete. Atayamba kudwala, Duarte anasiya yunivesite kuti aziwadwazika. Atamwalira sanabwererenso kusukuluko, ndipo njira ya kwa bambo ake inayamba kumulemera mapazi. Tsiku lina, pa chakudya cha antchito, anaphika monga ankaphikira malemuwo: buledi wouma, adyo wosinja m'kamtondo, masamba onunkhira, mafuta ndi dzira. Bambo Hélder analawa, maso n'kuwala. Sipanapite nthawi, msuziwo unayamba kupita kwa alendo, adyo atachepetsedwa, buledi atadulidwa ngati mabatani, m'kambale konga chikhatho cha khanda.

"Dzina la mayi ako silingawakhudze alendo," anatero bwanayo. "Amabwerera ine. Uziti ndi wa agogo anga."

Duarte anavomera. Nkhaniyi sanawauze bambo ake.

Masana ena kukugwa mvula yamvumbi, Telma, mnzake woperekera chakudya, analowa m'khitchini atanyamula matambula.

"Iwe wa ku yunivesite, kwabwera mdala wavala suti ya pamaliro, chipewa wachikumbatira ngati mwana. Mphuno yake ndi yakoyo ndendende."

Duarte anasuzumira pakhomo. Anali bambo ake, a Valdemar, ali okha patebulo la pakona, akuyang'ana mafoloko ondandalikidwa ngati sakudziwa woyambira.

"Ndipiteko ine?" Telma anali atasiya nthabwala. "Nkhope yakoyo yangoti mbuu."

"Ayi. Ndi anga."

Anapita, nawathirira madzi monga amachitira kwa mlendo aliyense.

"Wawonda," anatero a Valdemar. "Sakudyetsani kuno?"

"Mukanandiuza kuti mukubwera, bambo."

"Ndikanakuuzira kuti? Sukubweranso kunyumba. Mwana wa a Perpétua, oyandikana nafe aja, anadya kuno. Akuti mukugulitsa msuzi wa mayi ako, ndipo akuti iwe umanenerera ndi mawu. Ndabwera ndimve."

Nthawi ya msuzi itakwana, Duarte anaunyamula ndi manja awiri. Bambo Hélder anali pazenera lotulutsira mbale, akuyang'ana matebulo monga mwa masiku onse. Duarte anaika kambaleko, naika manja kumbuyo. Pakamwa panayamba pokha.

"Uwu ndi msuzi wa kumudzi, umene agogo a wophika wathu ankaphika nthawi yozizira, pamene…"

"Agogo a ndani?"

"Ndi mawu chabe, bambo. Timanena patebulo lililonse."

"Lililonse?"

"Eya."

A Valdemar sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zitapepukako. Anangotola supuni, n'kuviika kawiri, m'kambale n'kuyera. Anapukuta pakamwa pang'onopang'ono.

"Ngwabwino," anatero. "Ukuposa wa mayi ako. Iwo aja ankathira adyo ngati akufuna kupha munthu. Zaka zonsezi ndinkadandaula, iwo n'kumati, 'Mukafuna wopanda adyo, kakwatireni wina.'"

Anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Anayang'ana pansi pa kambale kaja.

"Ndinabwerera adyoyo, mwana wanga. Mulibe."

Duarte anayesa kukumbuka mmene msuzi wa mayi ake unkalumira lilime. Sizinatheke. M'kamwa mwake munangobwera uwu wosalalawu, umene ankaulawa tsiku ndi tsiku alendo asanafike.

"Kwatsala nsomba ndi nyama, bambo. Khalani."

"Udyeko iwe." Anaimirira, chipewa chili m'manja. "Kamtondo ka mayi ako kakadali pazenera kunyumba. Sindinakatsuke. Koma fungo likutha."

Anatuluka kulowa mumvula, mapewa a suti ija akuda ndi madzi asanafike n'komwe pokhotera.

Belu la kukhitchini linalira. Msuzi wina unali wokonzeka, wa mwamuna ndi mkazi ochokera kunja, amene ankayenera kuuzidwa m'Chingelezi. Duarte anawaikira timbale tawo, naika manja kumbuyo. Analankhula m'chinenero cha kwawo, mokweza kuti zimveke mpaka pazenera lotulutsira mbale lija.

"Uwu ndi msuzi wa mayi anga. Dzina lawo linali Graciete. Ankachulutsa adyo."

Alendowo sanamve kanthu. Anamwetulira, nagwedeza mitu. Mkaziyo anakweza foni yake, n'kujambula kambaleko kuchokera pamwamba.

"Duarte," anaitana bambo Hélder, mawu ali pansi. "Tabwera kuno."

Telma anamuyang'ana, n'kumupatukira. Duarte analowa m'khitchini akumasula kale epuloni. Podutsa pa dengu la ndiwo zamasamba anatola mutu wa adyo, wathunthu, nauika m'thumba la buluku.