Malaya a Mkanjo wa Assou

Tuda analowa m'nyumba akuthamanga, chipale chofewa chili m'tsitsi, osavula ndi nsapato zomwe.

"Amayi! Avomera! Ndikwera nawo Lachisanu!"

Ndinaponya mtanda wa buledi m'mbale n'kululutira mpaka nkhosa kukhola zinadzidzimuka. Mwana wanga wamkaziyu anakhala akupempha zaka zitatu. Chaka chilichonse kuzizira kukafika pachimake, amuna a m'mudzi mwathu amavala ngati makolo, kundanda pa mahatchi, kuthamanga n'kuomba mfuti zaonga nthawi imodzi, kukumbukira tsiku limene makolo anathamangitsa akuba nkhosa kuphiri. Malemu mwamuna wanga Assou anakwera nawo zaka makumi awiri. Mkazi anali asanakwerepo.

"Koma pali mawu," anatero Tuda. "Bambo aakulu akuti malaya akhale achikale enieni. Ubweya wa nkhosa wokhawokha, osoka pamanja, opanda batani. Adzawayesa okha pamaso pa anthu. Akawakana, ndibwerera."

Haddou ameneyo! Mlamu wanga, mkulu wake wa Assou, ndiye mtsogoleri wa okwera, ndipo mutu wake ndi wouma kuposa mwala wamphero. Ankadziwa bwino kuti kwatsala masiku anayi, kuti nsalu za pamsika masiku ano n'zosakaniza nayiloni, kuti kuomba yatsopano kumadya mwezi wathunthu.

"Akufuna kukukana popanda kunena kuti wakana," ndinatero. "Chabwino. Tiona."

Ndinatsegula bokosi n'kutulutsa mkanjo wa Assou, woderako, umene ndinaomba ndekha chaka chimene tinakwatirana. Tuda anandigwira dzanja.

"Amayi, wa ababa? Musadule."

"Ukufuna tisungire njenjete? Bweretsa sizasi."

Ndinauyala pansi n'kuyamba kudula. Malaya achikale alibe zambiri: nsalu imodzi yaitali yopinda pamapewa, bowo la mutu, manja awiri, ndi tizidutswa tiwiri ta m'khwapa kuti munthu akweze mfuti msoko osang'ambika. Vuto linali njenjete zomwezo, zimene zinali zitadya kale m'munsi monse. Komanso panali malo opserera, aakulu ngati chikhatho, amene Assou anandiuza kalekale kuti anayandikira mbaula. Ndinatembenuza nsalu uku ndi uku, sizinatheke kuwazemba. Anagwera paphewa lamanja, pamene analinso pa mkanjo.

Masiku atatu ndinakhala pawindo, singano m'manja, ulusi wake waubweya wopota ndekha. Zala zinatuluka matuza. Tuda ankangobwerabwera ngati mwana wodikira chakudya.

"Akuyabwa!" anatero atayesa.

"Makolo ako ankayabwidwa, akumenya nkhondo. Imika mkono ndione m'khwapamo."

Anakweza mikono, anazungulira, anadumpha. Msoko zii, osalira. Tinagwirana n'kuvina m'khitchini ngati amisala.

Lachisanu bwalo linadzaza. Ng'oma zikulira, mahatchi akutulutsa nthunzi m'mphuno, ife akazi titakhala pakhoma titafunda mabulangete. Amuna khumi ndi awiri anaima m'malaya oyera mbee, Tuda yekha woderako pakati pawo. Ine pakhoma sindinakhalitse, ndinatsika.

Haddou anatembenuza mpendero wa malaya a Tuda, kufunafuna msoko wa makina. Sanaupeze. Anafufuza batani. Palibe. Kenako anasolola kaulusi n'kuyatsa machesi. Kaulusiko kanakwinyika n'kuzima kokha, fungo la tsitsi lopsa linamveka, phulusa lake linangonyenyeka pazala.

"Imeneyo ndi nkhosa!" anafuula Ichou, wokwera wina wokonda nthabwala. "Yangotsala kulira!"

Anthu anaomba m'manja. Koma Haddou anapukusa mutu.

"Ubweya ndi ubweyadi. Koma mzere uyenera kufanana. Awa si oyera."

Aa! Apa ndiye ndinapsa mtima. Za zoyera anazinena liti?

"Alamu," ndinatero, "machesi atsalamo? Tiyese anuwo."

Asanayankhe ndinali nditasolola kale ulusi pampendero pake n'kumulanda machesi. Ulusi unayaka lawi, unasungunuka, unasanduka kampira kakuda konunkha pulasitiki.

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Amuna ena anayamba kubisa mipendero yawo m'malamba.

"Akulu," anatero Ichou akupukuta misozi, "makolo athu nayiloni ankameta pa nkhosa iti?"

Ndinaseka nawo, koma kuseka kunandithera m'kamwa nditaona nkhope ya Haddou. Ndinali nditamuchititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse, ndipo munthu ngati iyeyu akachita manyazi sabwerera m'mbuyo. Pakamwa pangapa! Tuda anandiyang'ana, maso atadzaza misozi.

"Tenga hatchi yako," anatero Haddou, mawu ali pansi. Anamugwira paphewa kuti amutembenuzire kunjira.

Dzanja linaima pomwepo. Anachotsa zala pang'onopang'ono n'kuyang'anitsitsa malo opserera aja.

"Nsalu iyi mwaitenga kuti, mlamu?"

"Mkanjo wa mng'ono wanu. Pamenepo anapsa ndi mbaula, sindikanatha kupazemba."

"Mbaula?" Anaseka pang'ono. "Anakuuzani choncho? Inali mfuti yanga iyi. Chaka changa choyamba kutsogolera. Ndinachita mantha, ndinaomba msanga mfuti isanakwere, moto wonse unathera paphewa pake. Ubweyawu ndi umene unamupulumutsa. Akananena, akulu akanandichotsa tsiku lomwelo. Sanauze munthu."

Ng'oma zinali zitasiya. Zaka zonsezo ndinkamunyoza Assou kuti ndi wosasamala, iye n'kumangomwetulira.

Haddou anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya ake anayiloni aja.

"Ukudikira chiyani iwe? Kwera. Kumanzere kwanga, pamene ankaima bambo ako. Ukaomba msanga ndikutsitsa ndekha!"

Tuda anali kale pachishalo. Ndinathamangira kukhoma, bulangete likugwa, akazi akundikoka kuti ndikwere. Mahatchi anayamba pang'onopang'ono, kenako Haddou anafuula, ndipo analiyatsa liwiro, chipale chikuuluka kumapazi, nthaka ikugunda mpaka m'mano mwanga. Mfuti zinakwera m'mwamba. Phuu! Khumi ndi zitatu, kulira kumodzi.

Ndinalulutira mpaka mawu anandithera, misozi ikuundana m'masaya. Utsi utabalalika ndinawaona akubwerera, oyera khumi ndi awiri ndi woderako mmodzi. Haddou anali atagwira zingwe ndi dzanja limodzi. Linalo linali paphewa pa Tuda, pamalo opserera paja, ndipo sanalichotse mpaka anafika pakhoma.