Zitenje Zitatu pa Chinkhoswe cha Eunice

Kunatsala masiku anayi kuti tichite chinkhoswe cha mwana wathu Eunice pamene amuna anga, a Bester, anayatsa moto ndi chala chimodzi.

Timakhala kunja, kutsidya la nyanja, mumzinda wa Brampton, m'nyumba zogundizana. Kumanja kwathu kuli a Sunita, Ahindu. Kumanzere kuli a Nasreen, Asilamu. Kuno ndilibe mchemwali ngakhale azakhali, ndiye abale anga ndi amayi awiriwa. Ana awo, Meera ndi Sana, anakulira limodzi ndi Eunice. Anavomera kufunda naye zitenje pa chinkhoswe monga timachitira kwathu: atsikana amabisidwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mkamwini n'kuloza wake.

Tsono a Bester analandira vidiyo pa foni. Sitolo zikuyaka, anthu akuthamangitsana ndi zibonga, pansi pake palembedwa kuti ndi Ahindu ndi Asilamu ku India. Iwo, ndi mtima wa chipepeso wa kwathu uja, anaifowada pa gulupu ya anthu a mumsewu wathu n'kulembapo kuti, "Pepani abale athu amwenye, zakugwerani kumudzi."

"Bambo a Eunice, mwachita chiyani apa?" ndinawafunsa.

"Ndapepesa. Kodi kupepesa kwasanduka mlandu? Si amodzi onsewa?"

"Zaka khumi mukudya samusa zawo, simudziwabe kuti wina amapita kumzikiti, wina kukachisi? Koma inu ndiye ayi."

Pofika masana gulupu inali itawira. A Rakesh, amuna awo a Sunita, analemba kuti anayambitsa ndi Asilamu. A Imran, amuna awo a Nasreen, anabweza ndi vidiyo ina yoopsa kuposa yoyamba. Madzulo a Sunita anagogoda pakhomo panga, maso ali pansi. "Sisi, ngati Sana afunda chitenje, Meera safunda." A Nasreen nawo anaimba foni n'kunena zomwezo. Eunice anadzitsekera kuchipinda akulira.

Mtima unandiwawa, kenako ndinapsa. Ndinati ayi, chinkhoswe cha mwana wanga sichifera nkhondo ya pa foni.

M'mawa ndinapita kwa a Kishore, bambo awo a Rakesh, nkhalamba ya zaka 85. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndipo ndine amene ndimawamwetsa mankhwala. Anaonera vidiyo ija n'kutsonya.

"Iyi ndinaionapo kalekale. Imabwera nthawi iliyonse wina akafuna kuti tidane. Aitaneni onse kuholo ya chinkhoswe chanucho lero lomwe."

Anthu anabwera, koma anakhala mbali ziwiri ngati ali pabwalo la milandu. A Kishore anakana mpando, anaima atagwira ndodo.

"Mu 1947, dziko lathu la India likugawika, ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri," anatero. "Anthu a zikwanje analowa m'mudzi mwathu kusaka Ahindu. Mayi wa Chisilamu woyandikana nafe anandifundika nsalu ya mwana wake wamkazi n'kundikhazika pakati pa ana ake. Atamufunsa kuti awa ndi ayani, anati, 'Onse ndi anga.' Titawoloka malire ndinaona anthu a chipembedzo changa akusakanso Asilamu ndi zikwanje. Ndiye pasapezeke wondiuza ine za amene anayamba."

Anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe Rakesh unabadwira konkuno, ku Etobicoke. Utsi umene unaununkhizapo ndi wa nyama yootcha basi. Udani umenewu wautola kuti?"

A Rakesh anati, "Bambo, nkhani imeneyi simunandiuzepo."

"Ndiko kulakwa kwanga. Ndinkati ndikakhala chete ndikukuteteza. Koma zosauzidwa zimaiwalika, zikaiwalika zimabwerera. Ine sindinathawe moto kuti adzaunyamule adzukulu anga m'thumba la buluku. Ndikukana."

Pamenepo a Bester anaimirira, chipewa chili m'manja. "Ndinatumiza chinthu chimene sindinkachidziwa, kwa anthu amene sindinavutikepo kuwadziwa bwino. Mundikhululukire." Anaidilita vidiyo ija pamaso pa onse. Tinagwirizana kuti pa gulupu pasadzabwerenso vidiyo ya ziwawa yosadziwika kumene yachokera ndi tsiku limene inajambulidwa, kuti woopseza mnzake tidzakamunenera kupolisi, ndiponso kuti a Kishore adzawafotokozere ana athu nkhani yawo yonse.

Sindinama, si onse anasungunuka. Banja lina linatuluka pa gulupu, ndipo a Imran anachoka osapereka moni kwa munthu. Ndinagona ndi nkhawa masiku awiri.

Loweruka holo inadzaza. Nditatembenuka ndinaona a Imran akulowa atanyamula poto wa nyama ya mbuzi, a Rakesh akuwatsegulira chitseko. Ng'oma zitalira pa sipika, analowa atsikana atatu atafunda zitenje zofanana, kuoneka zala za kumapazi zokha. Laban, mkamwini wathu, anazungulira kawiri thukuta lili kamukamu. Kenako anawerama kwa a Nasreen n'kunong'oneza, koma maikolofoni inali pafupi.

"Mayi, ndithandizeni. Wanu ndi uti, kuti ndimulambalale?"

A Nasreen anayang'ana a Kishore, n'kugwira dzanja la a Sunita. "Onse ndi anga. Sankha wekha."

Holo yonse inaseka, nthungululu zinalira. A Kishore okha sanaseke, ankapukuta m'maso ndi mpango.

Abale anga, moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo tchire lake ndi ana amene sanauzidwe zimene zinachitika. Musafowade vidiyo ya ziwawa imene simukuidziwa. Dziwani anzanu oyandikana nawo ndi zipembedzo zawo. Ndipo amene anaona zoopsa ndi maso awo, afunseni adakali moyo, ana anu ali pomwepo akumva.