Siponji ya Mayi Noeline

Fergus analowa mu holo ya tchalitchi ku Townsville atanyamula thumba la pulasitiki ngati wanyamula mlandu. Gulu la oweta nsomba za m'galasi linali ndi mwambo wake: ukapatsidwa tiana ta nsomba, tikakula umabwera nato kuti anzako aone. Mayi Noeline, omwe anamukokera m'gululo, anamupatsa tiana ta mtundu wa mumtsinje wakwawo. Koma Fergus, munthu waukhondo wonyanyira, anachapa pampopi siponji yosefera madzi a m'thanki ya nsombazo mpaka kuyera mbee! Sabata isanathe, nsomba zonse zinayandama chagada.

Ndiye anakagula zofananako kusitolo.

Mayi Noeline anakweza thumbalo kuwindo, n'kuliyang'anitsitsa.

"Zakula bwino, Fergus," anatero. "Mpaka zasintha mtundu."

Holo yonse inafa nalo phwete. Fergus anangoti zyolii, maso pansapato zake.

"Mukuseka chiyani inu?" anakalipa Gavin, mkulu wa gululo. "Ine zanga ndinaziphika ndi chotenthetsera madzi. Amene sanaphepo nsomba muno aimike dzanja!"

Palibe dzanja lomwe linakwera.

Fergus anayamba kupepesa. Mayiwo anangotsegula chidebe chawo n'kumupatsa tiana tina, pamodzi ndi siponji yakuda bii, yonunkha matope, yochokera m'thanki yawo.

"Litsiro ili ndi limene limaziyeretsera madzi, mwanawe. Usalichapenso."

Potuluka, Fergus anafumbata siponjiyo pachifuwa mpaka kugalimoto. Matope ankayenderera pamalaya ake oyera, iye osapukuta.