Sitima Sidikira Kudzaza

Achimwene anga a Levison ndi munthu wabwino, koma akanena chinthu ndiye anena basi, ngakhale chinthucho sanachionepo. Moyo wawo wonse ndi fodya wa bale kwathu kwa Lukwa, ndipo nthawi imeneyo ulendo wawo wautali unali wa pa Kasungu Boma. Sitima sanakwerepo mpaka lero. Ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umandiwawabe, ngakhale papita zaka zambiri.

Akazi awo, alamu anga a Fainala, kwawo ndi mbali ya ku Salima. Pobwera kubanja anakwera sitima mpaka ku Lilongwe. Tsiku limenelo mayi awo anaima pansi pa mlambe wa m'mbali mwa njanji, akukupiza mpango, mpaka sitima inakhota. Aka kanali komaliza kuonana, poti mayiwo anamwalira chaka chisanathe. Mudziwo unasamuka, ndipo msewu sudutsa kumeneko. Mlambewo umaoneka pawindo la sitima pokha.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba. Wailesi inalengeza kuti sitima ya anthu panjira imeneyo iyenda komaliza Loweruka. A Fainala, munthu wosapemphapempha, anagwada pamaso pa amuna awo.

“Abambo ake a Thoko, ndikufuna ndikauone mlambe uja kamodzi kokha.”

Achimwene anavomera, ine ndikumva. Tinapangana kunyamuka Lachisanu kuti tikagone kwa msuweni wathu ku Lilongwe, ine woperekeza. A Fainala anaphika mtedza, nachapa chitenje chimene anavala pobwera kubanja, chosuluka kale.

Koma Lachisanu kunacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza. Amene sanalimepo bale sangamvetse. Fodya akauma m'chigafa sagwirika, ukangomukhudza amafumbutuka. Umadikira chinyezi kuti afewe, ndiye umutsitse. Achimwene anali atadikira nthawi yaitali. Analowa m'chigafa, nafinya tsamba m'manja, ndipo nkhope yawo inawala ngati aona mwana wobadwa kumene.

“Wafewa, amake Thoko. Titsitse lero, tinyamuka mawa m'mamawa.”

“Sitima ili ndi nthawi yake,” anatero a Fainala motsitsa mawu.

“Nthawi yanji? Minibasi pa Boma timakhalamo mpaka miyendo dzanzi, kudikira munthu mmodzi. Ndiye chinthu chachitali ngati mudzi chinyamuke chisanadzaze? Kuthamanga sikufika.”

Ine ndinayesa kulowererapo. Anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndinakwerapo sitima. Nanenso ndinali ndisanakwerepo. A Fainala, okhawo amene ankaidziwa sitima, anangovula chitenje chija, nachipinda bwinobwino, n'kulowa m'chigafa. Tsiku lonse tinatsitsa fodya. Sindinawamve akudandaula, ndipo chimenechi ndi chimene chinandipsetsa mtima kwambiri.

Loweruka tinalawirira pa kabaza mpaka pa Boma. Minibasi inachita zomwe minibasi imachita. Kondakitala ankakuwa kuti watsala mmodzi pamene mipando inali mbee. Achimwene ankamwetulira n'kumandigunda ndi chigongono.

“Waona, Lefina? Palibe chonyamuka chisanadzaze.”

A Fainala anali atakumbatira dengu la mtedza, maso ali pamsewu. Pa Mponela tinaimanso, akumangirira matumba padenga. Dzuwa linakwera, nkhungu yonse inatha.

Titafika pasiteshoni tinapeza zii. Pansi panali makoko a nthochi ndi zitsononkho, ndipo amayi ogulitsa anali akumanga katundu wawo. Bambo wina wachikulire amene ankasesa anatiuza kuti yangochoka kumene. Anati anthu anaimba nyimbo, ena analira, woyendetsa analiza hutala mpaka kutali.

“Inadzaza?” anafunsa achimwene.

Bamboyo anawayang'ana modabwa. “Ayi, malo analimo ambiri. Ikanadzaza bwenzi akuithetsa?”

Sindinawaonepo achimwene atachepa chonchija. Anavula chipewa, nachivalanso. Kenako anayamba kulankhula zambirimbiri: kuti tikwere minibasi ya ku Salima, tikaipeza kutsogolo, kuti fodya akagulitsidwa adzapeza galimoto. A Fainala anapukusa mutu.

“Msewu sudutsa pa mlambe paja, abambo ake a Thoko. Ndinakuuzani.”

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanawalalatira, mwina ine mtima ukanatsika. M'malo mwake anandipatsa dengu, natsika pang'onopang'ono mpaka panjanji, osasamala kuti chitenje chawo chikukhudza mafuta akuda. Anagwada, naika dzanja pachitsulo.

“Bwerani,” anatero osatembenuka.

Achimwene anatsika, mawondo akulira. A Fainala anagwira dzanja la amuna awo, lomwe linali likadali lakuda ndi utomoni wa fodya wa dzulo lake, n'kuliika pambali pa lawo.

“Tili ana tinkatere. Ikapita, njanji imatsala ikunjenjemera. Mwamva?”

Achimwene anatsinzina, nadikira. Ndinaona kuti akuyesetsa ndi mtima wonse.

“Sindikumva kanthu, amake Thoko.”

“Inde,” anatero a Fainala, akuchotsa dzanja lawo. “Yapita kutali.”