Matabwa a Kuseri kwa Khola

Kuchokera tsiku limene adokotala a pa Boma anauza Linily kuti mtima wake ndi wofooka, pakhomo pa mlongo wake Pearson ku Engutwini panangoti zii. Wailesi anaibisa. Za maliro sankamuuza, za maukwati sankamuuzanso, pakuti onse ankakhulupirira kuti wodwala mtima akadzidzimuka, kaya ndi chisoni kaya ndi chimwemwe, mtimawo umaphulika ngati chimanga m'chiwaya. Linily nayenso anakhulupirira. Anasiya kuseka. Anasiyanso kuyankha foni za Enos, kalipentala wa ku Chikangawa amene ankamuyendera, poti mawu a mwamunayo ankamuthamangitsa mtima.

Lachiwiri lina masana, atatsamira mapilo atatu chifukwa akagona chagada mpweya unkamuthera, anamva mlamu wake Doris akulowa monyang'ama. Linily ananamizira tulo. Doris anamuyeza ndi chingwe kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako m'mapewa, n'kumanga mfundo, n'kutuluka.

M'mawa mwake lole inatsitsa matabwa a paini kuseri kwa khola.

Linily sanafunse munthu. Ndani sadziwa kumene chingwe ndi matabwa zimathera? Chakudya chinayamba kumukanika, ndipo chamumtima anagawiratu zitenje zake zonse.

Lachisanu atapita kukatenga mankhwala, anakoka dzanja la namwino Rachel, mayi wa ku Ntcheu wosadziwa kunong'ona.

"Anesi, musandibisire. Anditsalira masiku angati?"

"Masiku a chiyani?"

"Kwathu andiyeza kale. Matabwa afika."

Rachel anamutobwanya mwendo ndi chala. "Onani, kutupa kwatha. Mapiritsi akugwira ntchito, mtima uli bwino kuposa mwezi watha. Chikukuwondetsani ndi mantha, mayi. Muzimwa mankhwala, muziyenda, muziseka. Ndipo mukawafunse akukukhomerani bokosiwo kuti akuthamangira kuti!"

Atafika kunyumba, anamva hamala ikulira kuseri kwa khola. Analunjika komweko. Pearson anamutsekera njira.

"Adumbu, mlongo wanga, kagoneni, ndapota."

"Patukani. Bokosi ndi langa, ndilione."

"Bokosi?"

Linily anamulambalala. Kuseriko anapeza Enos, utuchi uli m'tsitsi, pensulo ili kukhutu, akukhoma mpando wautali wokhala ndi motsamira.

Enos anagwetsa hamala. "Ndinamva kuti simugona bwino chagada, ndiye ndinapempha a Doris andibere muyezo wanu." Anayang'ana pansi. "Ndinatumanso thenga kwa a Pearson kudzakufunsirani ukwati. Masabata awiri apita. Akuti ndidikire mtima ukhwime."

"Tinkaopa chomene," anatero Pearson. "Tikanakuuzani, mbwenu mwagwa ndi chimwemwe."

Linily anagwira pachifuwa. Mtima unkaponda mwamphamvu ngati mapazi a ovina ingoma. Anatsinzina, kudikira kuti uphulike. Anadikira. Nkhunda inalira pa denga la khola. Mtimawo unangopitiriza ntchito yake, osasamala za munthu.

Chiphwete chinamutuluka chokha, chachikulu, mpaka nkhuku zinabalalika ndipo Doris anathamanga ndi kapu ya madzi.

"A Enos, mwayezetsa mkazi ngati mtembo musanamufunsire n'komwe! Nenaninso zija munatumira thenga. Pamaso panga, mokweza."

Enos anapukuta manja pa ovolo. "Linily, ndikufuna mukhale mkazi wanga."

"Yewo. Ndamva, ndavomera, ndipo ndikupumabe." Anatembenukira kwa mlongo wake. "Adumbu, pali zinanso zimene mwandibisira?"

Pearson anakanda m'mutu. "Mng'ono wanu Wakisa ali ndi mapasa ku Mzuzu. Ng'ombe yanu ija inabereka. Ndiponso abusa..."

"Khalani pansi," anatero Linily. "Muyambire poyambirira, osadumpha ngakhale imodzi."